Mutu, chizungulire ndi maso oona chifunga: kodi ndi kutha madzi m'thupi kapena pali china?

NaPhiri_Chikwawa:
Moni nonse akuluakulu a pagulu lino. Okutobala wafika, ndipo kuno ku chigwa cha Shire aliyense wodandaula mutu ndi chizungulire akumangouzidwa kuti amwe madzi ambiri. Funso langa lili pawiri. Choyamba, tikumbutsane zizindikiro zenizeni zoti madzi atha m'thupi, kwa mwana ndi kwa wamkulu. Chachiwiri, munthu akamati mutu ukuwawa, m'makutu mukulira, ndipo maso onse awiri akuona ngati kuli chifunga, kodi kusowa madzi kokha kungachite zimenezi?

Sista NaBanda:
Mayi NaPhiri, ndiyambe ndi ana poti ndi amene amatithawa msanga. Pali zinthu zinayi zoyang'ana, ndipo zonse zimatheka popanda makina.

Muone kaye mmene mwana alili musanamugwire. Wolira mosatonthozeka ndi kuvutavuta, madzi achepa. Wongogona lefulefu, mayi ake akumuitana iye osasamala, ameneyo zafika poipa. Kenako maso: alowa mkati? Apa mufunse mayi ake kuti, "Kodi maso akewa ndi mmene amakhalira masiku onse?" Ana ena ngobadwa ndi maso olowa, ndipo mayi amadziwa nkhope ya mwana wake kuposa ife. Chachitatu mupatseni madzi pa kapu kapena pa supuni. Akamalanda kapuyo n'kulira mukaichotsa, ludzu lamugwira. Akamalephera kumeza, kapena kungonyambita n'kusiya, ndi chizindikiro choopsa kuposa ludzulo. Chomaliza ndi kutsina khungu la pamimba.

Mwa zinayizi zikapezeka ziwiri za mbali yoopsa, monga kulefuka, maso olowa, kulephera kumwa, kapena khungu lobwerera patapita masekondi oposa 2, ndiye kuti mwanayo ngofunika dripi lero lomwe. Zikapezeka ziwiri za mbali yocheperako, ndiye Thanzi ORS pansi pa diso la wazaumoyo.

A Mbewe:
Ndionjezere pa kutsina khunguko, pakuti ambiri timalakwitsa pamenepa. Mwana agone chagada, manja ali m'mbali. Malo ake ndi pakati pa mchombo ndi mbali ya mimba. Mugwiritse chala chachikulu ndi chamkombaphala, osati nsonga za zikhadabo, ndipo mukweze khungu pamodzi ndi mafuta a pansi pake, mzere wake utsate kutalika kwa thupi, osati mopingasa. Gwirani sekondi imodzi, siyani, werengani. Khungu labwino limabwerera nthawi yomweyo.

Koma mayesowa amanama pa anthu ena. Mwana wowonda kwambiri chifukwa cha kunyentchera khungu lake limachedwa kubwerera ngakhale madzi alimo, ndipo maso ake amakhala olowa kale. Mwana wotupikana kapena wonenepa kwambiri khungu limabwerera msanga ngakhale madzi atatha. Agogo nawo khungu lawo linasiya kale kukokana. Pa anthu amenewa dalirani mbiri: watsegula m'mimba kangati, wasanza kangati, wakodza liti komaliza.

Sista NaBanda:
Zoona bambo Mbewe. Ndipo pa makanda tisaiwale liwombo. Likalowa mkati mwa mwana amene akutsegula m'mimba, ndi madzi atha, si matenda a liwombo ofunika kumata mankhwala pamutu. Zomatazo zimangobisa chizindikiro ndi kutaya nthawi. Liwombo muliyese mwana atakhala tsonga, asakulira. Likatukumuka m'malo molowa, ganizirani matenda oumitsa khosi. Zina zothandiza: kulira kopanda misozi, lilime louma, thewera louma kwa maola 6 kapena kuposa.

NaPhiri_Chikwawa:
Nanga miyezo ya ORS? Kumudzi timamva zosiyanasiyana, ena akuti paketi imodzi m'kapu imodzi kuti mankhwala akhale amphamvu.

A Mbewe:
Zimenezo ndiye zoopsa zedi. Paketi imodzi ndi ya lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, basi. Mabotolo awiri a 500 ml ndiye lita imodziyo. Mukachepetsa madzi, mchere umachuluka m'magazi a mwana, ndipo akhoza kukomoka ndi kugwedezeka. Zosungunulazo zikatha maola 24 mutaye, mupange zina.

Kunyumba, mwana amene sanafike posonyeza zizindikiro: wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, woposa zaka 2 amwe 100 mpaka 200 ml. Wamkulu amwe mmene angathere. Kuyamwitsa kusaime, phala lisaime.

Amene madzi achepa kale: 75 ml pa kilogalamu iliyonse, m'maola 4. Mwana wa makilogalamu 8 ndiye 600 ml, pang'onopang'ono ndi supuni, supuni imodzi mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse. Akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambanso mochedwerapo. Maola 4 akatha muyeseninso zinthu zinayi zija. Zikope zikayamba kutupa ndiye kuti mwapyoza, siyani ORS mupatse madzi wamba kapena bere.

Wa dripi: Ringer's lactate 100 ml pa kilogalamu. Wosakwana chaka, 30 ml pa kilogalamu mu ola loyamba, 70 yotsalayo m'maola 5. Woposa chaka, 30 m'mphindi 30, 70 m'maola awiri ndi theka. Choncho mwana wa miyezi 18 wa makilogalamu 10 alandire 300 ml m'theka la ola, kenako 700 ml. Mwana wonyentchera kwambiri malamulo ake ndi ena: mtima wake ngofooka, dripi yothamanga ikhoza kumupha. Iyeyo amapatsidwa ReSoMal, ORS wapadera wa ana onyentchera, pakamwa, 5 ml pa kilogalamu mphindi 30 zilizonse kwa maola awiri oyamba, pokhapokha ngati ndi kolera, pamene timabwerera ku ORS wamba.

Zinc osaiwala: 10 mg patsiku kwa wosakwana miyezi 6, 20 mg kwa woposa pamenepo, masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya tsiku lachitatu.

Wa_ku_Famase:
Paketi ikasowa usiku: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi la mchere. Mulawe, isapose misozi kuwawa mchere. Ndi yongodikirira kuti kuche, poti ilibe potaziyamu. Fanta, Sobo ndi zakumwa zopatsa mphamvu ayi. Shuga wake ngwambiri, amakokera madzi m'matumbo, kutsegulako n'kuwonjezeka. Chinsinsi cha ORS ndi chakuti shuga pang'ono amanyamula mchere kuulowetsa m'matumbo, madzi n'kutsatira pambuyo. Mukasokoneza muyezo mwaphwanya chinsinsicho.

Sista NaBanda:
Kwa akuluakulu mkodzo ndiye mboni yabwino. Woyera ngati udzu wouma zili bwino. Wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, wochepa, wonunkha kwambiri, madzi achepa. Kenako mtima kuthamanga, chizungulire poimirira, minofu ya m'miyendo kukokana, mawu kusasa. Muyeze BP atagona, muyezenso ataima mphindi imodzi kapena zitatu. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, n'chizindikiro. Dinani chikhadabo mpaka chiyere n'kusiya. Chikatenga masekondi oposa 3 kuti chifiirenso, manja ali ozizira, magazi sakuyenda mokwanira.

Okalamba ludzu salimva bwino. Agogo akangoyamba kusokonezeka mutu kapena kugona masana onse m'nyengo yotentha, musathamangire kunena kuti ndi ukalamba. Ndipo pa kolera, munthu wamkulu wamphamvu amatha madzi m'maola ochepa chabe, zala n'kukwinyika ngati wachapa tsiku lonse. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo chimene chimapha pa kolera ndi madzi kutha basi.

A Mbewe:
Msampha umodzi: wodwala shuga. Iye amakodza kwambiri uku madzi akutha, ndiye mkodzo wake umakhala wambiri ndi woyera. Ludzu losatha pamodzi ndi kukodza pafupipafupi, yezani shuga musanapitirire. Ndipo shuga wokwera amachititsanso maso kuona chifunga, zimene zikutifikitsa ku funso lachiwiri la mayi NaPhiri. A Gondwe muliko?

A Gondwe a ku Maso:
Ndilipo bambo, ndimawerenga mwakachetechete. Mayi NaPhiri, yankho lachidule ndi ili. Kutha madzi kumachititsa mdima m'maso munthu akaimirira mwadzidzidzi, chifukwa magazi achedwa kufika kumutu. Akakhala pansi mdimawo umachoka m'masekondi ochepa. Kumaumitsanso maso, amamva ngati muli mchenga, koma akaphethira kangapo amaona bwino. Akamwa madzi mokwanira, m'maola ochepa mutu umapepuka. Chifunga chimene chilipo atagona, chilipo atadzuka, chikukula tsiku ndi tsiku, munthu akukodza bwinobwino, chimenecho si cha madzi.

Zizindikiro zitatu mwatchulazo, mutu, kulira m'makutu, ndi maso onse awiri, zikandipeza pamodzi ndimaganizira zinthu zingapo, ndipo chimodzi mwa izo ndi matenda osowa otchedwa Vogt-Koyanagi-Harada, mwachidule VKH. Dzinalo ndi la madokotala atatu: Alfred Vogt wa ku Switzerland amene anawafotokoza mu 1906, ndi a ku Japan awiri, Einosuke Harada mu 1926 ndi Yoshizo Koyanagi mu 1929. Amapezeka kwambiri ku Japan ndi mayiko ena a ku Asia, ku Middle East, ndi ku Latin America. Kuno kum'mwera kwa Sahara ngosowa, koma wowadziwa yekha ndi amene angawagwire. Amakonda anthu a zaka 20 mpaka 50, amayi kuposa abambo.

Chimene chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimaukira maselo opanga mtundu wakuda, omwewa amene amadetsa khungu ndi tsitsi lathu. Maselo amenewa ali pakhungu, m'tsitsi, mkati mwa khutu, pa zikuto za ubongo, ndipo ngochuluka kwambiri m'kati mwa diso, pa gawo lodzaza mitsempha ya magazi limene lili kuseri kwa retina, kansalu kopyapyala ka m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala. N'chifukwa chake matenda amodzi amagwira malo amene amaoneka ngati sagwirizana. Si opatsirana, ndipo palibe chimene wodwalayo anadya kapena kulakwa.

NaPhiri_Chikwawa:
Amayamba bwanji, kuti ife a kumudzi tiwazindikire?

A Gondwe a ku Maso:
Amayenda m'magawo anayi, ndipo loyambalo ndi limene limanamiza anthu.

Masiku atatu kapena asanu oyamba amafanana ndi chimfine kapena malungo. Mutu, khosi kuuma pang'ono, nseru, thupi kutentha pang'ono, m'makutu kulira, kuwala kupweteka m'maso. Ena amati akapesa tsitsi kapena kugwira pamutu khungu limawawa. Apa ndi pamene munthu amayezedwa malungo osapezeka, n'kuuzidwa kuti ndi dzuwa, amwe madzi ndi panado.

Kenako maso. Kuona kumatsika msanga, nthawi zambiri onse awiri, ngakhale lina likhoza kutsogola ndi masiku angapo. Gawo lakuseri lija latupa ndipo likutulutsa madzi amene amakhala pansi pa retina n'kuikweza ngati matuza a moto. Wodwala amati mizere yowongoka, monga m'mphepete mwa chitseko, ikuoneka yokhota, kapena pakati pa chimene akuyang'ana pali banga. Chovuta n'chakuti kunja diso likhoza kuoneka loyera, losafiira, lopanda mafinya. Woyang'ana ndi tochi yokha anena kuti palibe vuto.

Patapita milungu kapena miyezi mtundu umayamba kuchoka. Nsidze ndi tsitsi la m'zikope zimachita imvi, tsitsi limathothoka, pakhungu pamatuluka mawanga oyera, makamaka kumaso ndi kumunsi kwa msana. M'kati mwa diso mumasanduka mofiira ngati dzuwa likamalowa. Pofika apa matenda adziulula okha, koma nthawi yabwino yowagwira yadutsa.

Gawo lachinayi ndi la amene sanalandire mankhwala okwanira. Kutupa kumabwerabwera, tsopano kutsogolo kwa diso, ndipo kumabala ng'ala, glaucoma (kukwera kwa presha ya m'diso) ndi zipsera pansi pa retina.

A Mbewe:
A Gondwe, ine ndikanaika chenjezo apa. Kwathu kuno munthu wa mutu, khosi louma ndi maso osaona bwino, choyamba si VKH. Ndi matenda oumitsa khosi, makamaka oyamba ndi fangasi yotchedwa cryptococcus mwa amene ali ndi HIV, kapena TB. Tisatumize munthu wotere ku maso n'kuiwala kuyeza HIV, CrAg (mayeso a cryptococcus) ndi madzi a pamsana.

A Gondwe a ku Maso:
Ndikuvomereza kotheratu, ndipo dongosolo lake ndi lomwelo. Chimene chingaphe lero chiyambe. Yezani BP, poti BP yokwera kwambiri imakwezanso retina, chimodzimodzi mwa mayi woyembekezera amene BP yakwera. Yezani shuga, malungo, HIV, chindoko, ndi TB. Chindoko chimatha kutsanzira matenda alionse a m'diso. Funsani ngati diso linabayidwapo kapena kuchitidwa opaleshoni, chifukwa pali matenda ena ofanana ndendende amene amayamba diso lina likavulala. Madzi a pamsana mu VKH nthawi zambiri amasonyeza maselo oyera ochuluka koma opanda kachilombo. Pempho langa ndi lakuti zonsezo zikapezeka zabwino koma maso akupitirira kutsika, wodwalayo asabwezedwe kunyumba ndi uphungu wa madzi.

Pa chipatala chaching'ono chitani izi. Yezani diso lililonse palokha pa tchati, mamita 6, linalo litaphimbidwa ndi chikhatho, ndipo mulembe. Boolani kabowo pa katoni ndi singano, ayang'anire pamenepo. Akaona bwino, vuto ndi la magalasi. Akapanda kusintha, vuto lili m'kati. Walitsani tochi muone ngati mwana wa diso ali wozungulira ndipo akuchepa. Wokhota m'mbali ndiye kuti wamatirira chifukwa cha kutupa. Mukatero tumizani kwa a maso a pa chipatala cha boma tsiku lomwelo kapena mawa lake. Iwo amathira mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kuyang'ana kuseri, ndipo akaona zofunika amatumiza ku zipatala za maso za Lions ku Queens kapena ku Kamuzu Central, ku Nkhoma, ku Zomba kapena ku Mzuzu.

Sista NaBanda:
Mankhwala ake ndi a m'maso?

A Gondwe a ku Maso:
Othira m'maso okha sakwanira, safika kuseri. Chithandizo ndi steroid wamphamvu wa thupi lonse, mankhwala ochepetsa kutupa, ndipo kuyamba m'milungu iwiri kapena itatu yoyamba ndi kumene kumapulumutsa maso. Kawirikawiri ndi methylprednisolone 1 g mu dripi tsiku lililonse kwa masiku atatu, kenako prednisolone pafupifupi 1 mg pa kilogalamu patsiku, kumatsitsa pang'onopang'ono kwa miyezi yosachepera 6. Madokotala ambiri masiku ano amaonjezera mankhwala ena ofewetsa chitetezo kuyambira pachiyambi, monga azathioprine, mycophenolate kapena ciclosporin, chifukwa ndi steroid yekha nthawi zambiri matenda amabwerera. Atropine wa m'maso amathandiza kuti mwana wa diso asamatirire.

Cholakwika chachikulu ndi ichi: madzi a pansi pa retina amaphwa m'milungu yochepa, munthu n'kuyamba kuwerenga foni yake bwinobwino, ndiye amasiya mankhwala. Kutupa kuseri kuja kumakhala kusanathe. Kubwerera kwake ndi kumene kumaononga. China, prednisolone wochuluka chonchi kwa munthu amene ali ndi TB kapena chindoko chosadziwika ndi kuthira mafuta pamoto, n'chifukwa chake mayeso aja sitiwadumpha.

Wa_ku_Famase:
Apa nkhani ziwirizi zikukumananso, ndipo ndikufuna anamwino amve. Wodwala ameneyu akayamba mankhwala, kutha madzi kumakhala vuto lake lenileni m'njira zitatu.

Prednisolone amakweza shuga. Akayamba kudzuka kanayi usiku kukakodza, kukhosi kuli gwa, yezani shuga, musangoti ndi kutentha.

Presha ya m'diso ikakwera kupitirira 21 mmHg, imene ndi malire a pamwamba, nthawi zina amapatsidwa acetazolamide, amene ambiri amamudziwa kuti Diamox, 250 mg. Ameneyu amakodzetsa, amachotsa potaziyamu, amachititsa dzanzi m'zala ndi m'milomo, ndipo amabala timiyala mu impso mwa amene samwa madzi okwanira. Kwa wodwala sickle cell ngoopsa, mufunse musanapereke.

Chachitatu ndi choopsa kuposa zonse. Munthu amene wamwa prednisolone milungu yoposa itatu, thupi lake limagona pa ntchito yopanga steroid wake. Akadwala kusanza n'kulephera kusunga mapiritsi, kapena akangosiya, BP imagwa, amafooka, amasanza koposa, amaoneka ngati wotha madzi wamba. Dripi yokha simudzutsa. Amafunika jakisoni wa hydrocortisone, 100 mg kwa wamkulu, pamodzi ndi dripiyo. Choncho m'buku lake la kuchipatala mulembedwe moonekera kuti ali pa steroid, ndipo achibale adziwe kuti akasanza mapiritsi kawiri motsatizana apite naye tsiku lomwelo.

A Mbewe:
Pomwepo, aliyense amene akutsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri asamwe brufen kapena diclofenac pofuna kuthetsa mutu. Impso zouma sizipirira mankhwala amenewa. Amene ali pa mankhwala a Lasix, hydrochlorothiazide, enalapril kapena metformin aonane ndi achipatala, nthawi zambiri timawaimitsa tsiku limodzi kapena awiri mpaka ayambenso kudya ndi kumwa.

Sista NaBanda:
A Gondwe, mawanga oyera aja kumudzi anena kuti ndi khate, munthu n'kuyamba kusalidwa.

A Gondwe a ku Maso:
Kusiyanitsa kwake n'kosavuta, mayi. Wodwala atseke maso, mukhudze bangalo ndi kathonje. Banga la khate limakhala lotuwa chabe ndipo silimva kukhudza. La VKH ndi loyera mbee ngati mkaka, ndipo limamva bwinobwino. Ndipo muwauze achibale asathire kanthu m'maso podikira ulendo, kaya mkaka wa m'mawere, kaya madzi a masamba, kaya mankhwala a steroid ogula okha. Ngati pali chilonda pagalasi la diso, steroid wothira amachikulitsa mpaka diso kuboola.

NaPhiri_Chikwawa:
Zikomo kwambiri nonse. Funso lomaliza kwa bambo Gondwe: tchati cha maso tilibe pa malo athu ambiri. Tingayeze bwanji?

A Gondwe a ku Maso:
Tulukani naye panja powala, muyeze mamita 6, ndi mapazi akuluakulu asanu ndi limodzi. Aphimbe diso limodzi ndi chikhatho, osadina. Muonetseni zala mosinthasintha katatu kapena kanayi. Akalephera yandikirani pa mamita 3, kenako mita imodzi, kenako mungogwedeza dzanja patsogolo pake. Lembani mtunda umene wawerenga zala pa diso lililonse, ndi tsiku lake, m'buku lake lija. Wa maso akadzayeza mawa adzakhala ndi poyambira podziwa ngati zikutsika komanso mofulumira bwanji.